MANJA OSAMBA APULUMUTSA ODWALA M'CHIPATALA

Nkhani yolankhulidwa pa wailesi ndi Mlangizi wa Zaulimi, kwa mafumu ndi achikumbe

Lero sitikamba za mbewu kapena za ziweto, koma za chipatala, pakuti palibe mudzi umene sutumizako anthu ake. Mwana akatentha thupi tithamanga naye komweko. Mayi akakwanitsa masiku ake timperekeza komweko. Mlimi akadzitema ndi khasu kapena chikwanje akamangitsa bala lake komweko. Tonse tipita tiri ndi mtima wakuti tikapeza moyo. Koma pali chinthu chimodzi chimene ambiri a ife sitichidziwa, ndicho ichi: munthu angathe kulowa m'chipatala ndi nthenda imodzi, nakatengamo ina yachiwiri, ndipo kawirikawiri nthenda yachiwiriyo imfikira pa manja a munthu yemweyo amene alikumthandiza.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linalengeza mu 2022 kuti mwa odwala 100 alionse ogonekedwa m'zipatala za maiko olemera, 7 atenga nthenda yatsopano ali m'chipatala momwemo. M'maiko osauka ndi apakatikati chiwerengerocho chikwera kufika pa 15. Ndipo mwa anthu 10 otenga nthenda motere, mmodzi amwalira nayo. Nthendazi ndizo bala la opaleshoni kuchita mafinya, chibayo, kutsegula m'mimba, matenda a m'chikhodzodzo, ndi tizirombo tolowa m'magazi. Mankhwala oyamba oletsa zimenezi sali m'botolo la jakisoni, iyayi. Ndiwo madzi ndi sopo, ndi manja osamba pa nthawi yake.

NTHENDA IYENDA BWANJI PA MANJA?

Inu amene mulima fodya mudziwa kale mbali ina ya nkhani iyi. Mudziwa nthenda ija imene ichititsa masamba a fodya kukhala amawangamawanga ndi okwinyika, imene alangizi aitcha mozeiki. Munthu akagwira mbande yodwala, nakagwira ina yabwino, waipatsira. Ndicho chifukwa chake muuzidwa kusamba m'manja ndi sopo musanalowe mu nazale, ndi kusasuta fodya muli m'menemo. Palibe amene anaionapo nthendayo ndi maso pa chala chake, komabe mlimi wanzeru asamba, chifukwa anaona chimene chichitika m'munda wa munthu wosasamba.

M'chipatala ziri chimodzimodzi. Pa khungu la munthu aliyense pakhala tizirombo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, koma ndi makina okulitsa zinthu okha. Wodwala akhala nato tambiri: pa bala lake, m'makhololo ake, m'chimbudzi chake, pa zofunda zake, ngakhale pa chitsulo cha bedi lake. Namwino akamtembenuza, kapena kumgwira pa mkono pomuyesa, tina timamatira ku zala za namwinoyo. Sitifa msanga; tikhala ndi moyo pa manjapo kwa nthawi yokwanira kuti namwino afike pa bedi lachiwiri. Tsono pa bedi lachiwirilo pagona mayi amene anang'ambidwa dzulo, kapena khanda lobadwa masiku asanakwane, kapena mkulu amene ali ndi dripi pa mkono. Khungu ndilo mpanda wa thupi. Anthu awa mpanda wao uli wogumuka, ndipo matupi ao ali ofooka kale. Kachirombo kamene sikanamchite kanthu namwino, kwa iwo kangakhale imfa.

Wina adzati, "Koma manja a namwino aoneka oyera." Inde aoneka oyera, koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kuti mumvetse bwino, mverani zimene zinachitika m'chipatala china cha ku Ulaya, kumene zimenezi zinaonekera poyera ndi ziwerengero.

ZIMENE ZINACHITIKA KU VIENNA

Mu mzinda wa Vienna, m'dziko la Austria, munali chipatala chachikulu chokhala ndi zigawo ziwiri zochiriramo amayi. M'chigawo choyamba munali kugwira ntchito madotolo ndi anyamata ophunzira udotolo. M'chigawo chachiwiri munali azamba ndi ophunzira uzamba. Amayi sanali kusankha kolowa. Anali kuwagawa monga mwa tsiku limene afika. Nyumba zonse ziwiri zinali m'chipatala chimodzi, mu mzinda umodzi, pansi pa mphepo imodzi. Koma kuyambira 1841 kufikira 1846, m'chigawo cha madotolo munali kumwalira amayi pafupifupi 10 mwa amayi 100 alionse, pamene m'chigawo cha azamba sanali kukwana 4. Chowapha chinali malungo aakulu ogwira mayi patapita masiku owerengeka atachira: thupi kutentha, m'mimba kupweteka ndi kutupa, kenaka imfa.

Mbiri imeneyi inawanda mu mzinda monse. Amayi anali kugwada ndi kulira kuti asawalowetse m'chigawo cha madotolo, ndipo ena anali kuchirira m'njira. Chodabwitsa chinali chakuti ochirira m'njirawo sanali kufa ndi malungo aja kawirikawiri monga anzao ochirira m'manja mwa madotolo.

Mu 1846 kunabwera dotolo wachinyamata wa ku Hungary, dzina lake Ignaz Semmelweis, wobadwa mu 1818. Iye sanagone nayo tulo nkhaniyi. Anthu anali kunena zifukwa zosiyanasiyana, ndipo iye anayamba kuziyesa chimodzichimodzi. Ena anati ndi mpweya woipa. Koma mpweya unali umodzi ku zigawo zonse ziwiri. Ena anati ndi kuthithikana. Koma kwa azamba ndiko kunali kothithikana koposa. Ena anati amayi afa ndi mantha pomva belu la wansembe wodutsa kukapempherera amene ali pafupi kufa. Iye anapempha wansembeyo kuti adzidzera kwina, ndi kuleka belu, koma imfa sizinachepe. Anasintha ngakhale kagonedwe ka amayi pochira kuti kafanane ndi ka kwa azamba. Sizinathandize.

M'mwezi wa Marichi 1847 mnzake wina, dotolo Jakob Kolletschka, anamwalira. Iye anachekedwa pa chala ndi mpeni wa wophunzira wina pamene anali kupima mtembo, nadwala, nafa. Semmelweis atawerenga zimene zinapezeka m'thupi la mnzakeyo, anaona kuti zinali zofanana ndi zimene zinali kupezeka m'matupi a amayi aja. Pamenepo maso ake anatseguka. Madotolo ndi ophunzira ao anali kuyamba tsiku ndi kupima mitembo, nachoka kumeneko kulunjika kukayesa amayi m'njira yobadwira mwana. Azamba sanali kugwira mitembo. Ndiko kusiyana kumene anali kukufuna. Chimene chinapha mnzake polowa pa bala la chala, ndicho chinali kupha amayi polowa m'chiberekero chimene chinali chilonda chachiwisi.

Pakati pa mwezi wa Meyi 1847 anaika lamulo lakuti aliyense wochokera ku mitembo asambe m'manja ndi madzi a klorini asanagwire mayi. Anasankha klorini poona kuti ndiyo inali kuchotsa fungo la mtembo limene linali kukanirira ku manja. Taonani tsono chimene chinatsatira. Mu Epulo 1847, lamulo lisanaikidwe, anamwalira amayi 18 mwa 100 alionse. Mu Juni anatsika kufika pa 2, ndipo mu Julaye pafupifupi mmodzi yekha. M'chaka cha 1848 munali miyezi iwiri, Marichi ndi Ogasiti, imene sanamwalire mayi ndi mmodzi yemwe m'chigawo chija chimene amayi anali kuchiopa.

Koma panali phunziro lina lowawa. Mu Okutobala 1847 anagoneka pa bedi loyamba mayi wina amene anali ndi chotupa chotuluka mafinya m'chiberekero. Madotolo anali kusamba ndi klorini polowa, nayamba ndi mayi ameneyo, napitirira kwa enawo atasamba ndi sopo yekha mwa chizolowezi chao. Mwa amayi 12 amene anawayesa pambuyo pake, 11 anamwalira. Apa Semmelweis anazindikira kuti choopsa sichichokera ku mitembo yokha, komanso kwa wodwala wamoyo. Kuyambira pamenepo analamula kuti asambe ndi klorini pochoka kwa wodwala aliyense, asanagwire wina. Gwirani mfundo imeneyi, pakuti ndiyo mutu wa nkhani yonse: kusamba kamodzi m'mawa sikukwanira, asambe pakati pa wodwala ndi wodwala mnzake.

CHIFUKWA NINJI SANAMUMVERE?

Mungaganize kuti madotolo onse anamthokoza. Sizinatero ayi. Ambiri anakwiya, pakuti kuvomereza mau ake kunali kuvomereza kuti manja ao omwe ndiwo anapha amayi aja. Ndiponso masiku amenewo anthu anali asanadziwe kuti tizirombo tosaoneka ndito tidzetsa matenda, kotero iye analibe chinthu choti awaonetse ndi maso. Ntchito yake ku Vienna inatha mu 1849, ndipo mu 1850 anabwerera kwao ku Pest, kumene anachepetsanso imfa za amayi ndi njira yomweyo. Buku lake linatuluka mu 1861, koma ambiri analikana. Anamwalira mu 1865 m'chipatala cha odwala misala, ali ndi zaka 47.

Choonadi chinatulukira pambuyo pake. Mu 1867 dotolo Joseph Lister wa ku Glasgow anaonetsa kuti mabala a opaleshoni saola ngati manja, zida ndi balalo zitsukidwa ndi mankhwala opha tizirombo. Mu 1879 Louis Pasteur wa ku France anapeza kachirombo kenikeniko m'magazi a amayi odwala malungo aja. Koma pakati pa zaka zimenezo amayi ambirimbiri analowa m'manda chifukwa cha kudzikuza kwa anthu ophunzira. Tiphunzirapo kuti nzeru yokha sipulumutsa munthu. Ifunika isanduke chizolowezi, ndipo akulu a pamalopo aigwirizize.

ZIMENE ANAPEZA KU GENEVA

Ngakhale m'masiku athu ano vuto silinathe. Mu 1994, m'chipatala chachikulu cha ku Geneva, m'dziko la Switzerland, dotolo Didier Pittet ndi anzake anayamba kuwerenga kuti antchito a chipatala asamba kangati pa nthawi zimene ayenera kusamba. Anapeza kuti pa nthawi 100 anali kusamba 48 zokha. Kumeneko madzi analipo, sopo analipo, antchito anali ophunzira bwino. Nanga chinali kuwaletsa nchiyani? Chachikulu chinali nthawi. Pamene ntchito inachuluka, pomwepo kusamba kunachepa.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Tiyerekeze namwino amene ayenera kuyeretsa manja ake ka 20 pa ola limodzi. Ngati kusamba kumodzi ndi sopo kutenga mphindi imodzi, ndiye kuti mphindi 20 zapita, osawerengera ulendo wa ku mpope ndi kubwerako. Odwala alikubuula, iye adzachita chiyani? Adzalumpha kusamba. Anthu a ku Geneva, m'malo mokalipira anamwino, anawafupikitsira njira. Anawapatsa timabotolo ta mankhwala a spiriti opaka m'manja, toyenda nato m'thumba, naika ena pa bedi la wodwala. Mankhwalawa safuna madzi kapena chopukutira, auma okha, ndipo ntchito yake itha pa theka la mphindi. Anapachika zithunzi zokumbutsa m'makoma, nauza antchito kawirikawiri m'mene chiwerengero chao chiyendera, ndipo akulu a chipatala anaima nao pa ntchitoyi.

Pofika 1997 kusamba kunakwera kufika pa 66 mwa 100. Odwala otenga nthenda m'chipatalamo, amene anali pafupifupi 17 mwa 100 mu 1994, anatsika kufika pa 10 mu 1998. Bungwe la WHO linatenga njira imeneyi niliifalitsa ku maiko onse kuyambira 2005, ndipo mu 2009 linatulutsa malangizo ake onse. Kuyambira chaka chimenecho tsiku la 5 Meyi ndilo lokumbutsa antchito a chipatala za manja ao. Bungweli linalembanso kapangidwe ka mankhwala opaka aja kuti zipatala za maiko osauka zidzipangira zokha, ndipo chipatala cha Point G ku Bamako, m'dziko la Mali, chinali chimodzi cha zoyamba mu Africa kuyesa zimenezi.

NTHAWI ZISANU

Malangizo a WHO atchula nthawi zisanu zimene wantchito wa chipatala ayenera kuyeretsa manja ake. Ziwerengeni pa zala za dzanja lanu kuti musaziiwale.

Yoyamba: asanamgwire wodwala, ngakhale kuli kungompatsa moni wa m'manja kapena kumuyesa kutentha.

Yachiwiri: asanachite ntchito yofuna ukhondo woposa, monga kubaya jakisoni, kuika dripi, kutsuka bala, kuyesa mayi wapakati, kapena kudula mchombo wa khanda.

Yachitatu: atagwira magazi, mafinya, mikodzo, chimbudzi, masanzi kapena makhololo.

Yachinayi: atatha kumgwira wodwala, asanapite kwa wina.

Yachisanu: atagwira zinthu zozungulira wodwalayo, monga bedi, zofunda kapena kabati yake, ngakhale mwini wakeyo sanamkhudze.

Ziwiri zoyambazo zitchinjiriza wodwala amene ali pamaso pake. Zitatu zotsirizazo zitchinjiriza wantchito mwini, ndi odwala ena, ndi ana ake omwe amene adzawagwira akaweruka.

KASAMBIDWE KAKE

Kusamba kwenikweni sikuli kungoviika zala m'madzi. Munthu anyowetse manja ndi madzi oyenda, apake sopo, natikite zikhatho, kuseri kwa manja, pakati pa zala, zala zazikulu, ndi nsonga za zala kumene kuli zikhadabo. Atsukuluze, napukute ndi chopukutira choyera chogwiritsa kamodzi. Ngati palibe, manja aume okha, pakuti nsalu imodzi yopukutira anthu onse ibwezera litsiro lomwe lija. Zonsezi zitenga masekondi 40 kufikira 60. Ndi mankhwala opaka aja ntchito itenga masekondi 20 kufikira 30, kutikita mbali zonse kufikira manja atauma. Koma manja akakhala ndi litsiro looneka, kapena magazi, kapena munthu akachokera ku chimbudzi, pafunika madzi ndi sopo ndithu.

Ena aganiza kuti namwino akavala magolovesi nkhani yatha. Si choncho. Magolovesi atenga tizirombo monga m'mene manja atengera, ndipo nthawi zina akhala ndi timabowo tosaoneka. Golovesi imodzi yoyenda nayo pa mabedi atatu iri ngati dzanja losasamba. Ayenera kuvula akatha wodwala mmodzi, nayeretsa manja, navala ena ngati afunika. Zikhadabo zikhale zazifupi, ndipo mphete ndi zibangiri zichoke pa nthawi ya ntchito, chifukwa tizirombo tibisala pansi pake.

Ndichenjezenso chinthu chimodzi. Wina pomva kuti mankhwala opakawo ndi a spiriti angayese kuti kachasu angagwire ntchito yomweyo. Musatero. Mankhwala a chipatala apangidwa ndi muyeso wake, mphamvu yake yodziwika, ndipo athiramo zina zoteteza khungu kuti lisang'ambike. Mphamvu ya kachasu isiyana botolo ndi botolo, ndipo palibe angaidalire pa moyo wa wodwala.

MBALI YA MAFUMU

Tsono mudzafunsa kuti, "Nanga ife a kumudzi zitikhudza bwanji, popeza sitiri madotolo?" Zikukhudzani kwambiri. Mu 2022 mabungwe a WHO ndi UNICEF analengeza kuti theka la zipatala za pa dziko lonse ziribe malo okwanira osambira m'manja, okhala ndi madzi ndi sopo kapena mankhwala opaka, pamene athandizira odwala ndi pa zimbudzi. Namwino angadziwe nthawi zisanu zonse pamtima, koma ngati mpope uli wouma adzasamba ndi chiyani? Mutu umodzi susenza denga. Boma liri ndi mbali yake yopereka madzi, sopo ndi antchito okwanira, ndipo mudzi uli ndi mbali yakenso.

Choyamba, inu mafumu, dziwani m'mene madzi aliri pa chipatala chimene anthu anu apitako. Pitani kapena tumani nduna zanu zikaone ndi maso. Kodi mjigo ugwira ntchito? Kodi m'chipinda chochiriramo amayi muli madzi usiku? Kodi pa khomo la wodi ndi pa chimbudzi pali chosambira ndi sopo? Zimene mwaona mukazikambe ndi komiti ya chipatala ndi wamkulu wa chipatalacho, ndipo zimene zaposa mphamvu zao zipite ku khonsolo ya boma lanu mwa kalata, yosainidwa ndi mafumu onse ozungulira. Kalata ya mafumu khumi imveka koposa kudandaula kwa munthu mmodzi pa msika.

Chachiwiri, tetezani chimene chiripo. Mjigo wa chipatala ukaonongeka usakhale miyezi. Mipope ndi zitsulo zake zisabedwe. Ng'ombe ndi mbuzi zisamwere pamenepo. Wogula chitsulo chobedwa ku chipatala adziwe kuti wagula madzi a mkazi wake yemwe.

Chachitatu, pamene mpope kulibe, ndowa yovundikira yokhala ndi kampope, kapena mpondagiya wa chigubu ndi chingwe, zigwira ntchito bwino, ndipo mudzi ungathe kuzikonza wokha. Chofunika ndi munthu wodzaza madzi tsiku ndi tsiku, ndi sopo wosasowa. Midzi ingagawane masabata otunga madzi monga igawana ntchito ya kulambula mseu.

Kumbukirani kolera imene inayamba mu Marichi 2022 nifalikira m'maboma onse a Malawi kufikira 2023, nipha anthu oposa 1,700. M'misasa ya odwala kolera munali lamulo lakuti wolowa ndi wotuluka asambe m'manja ndi madzi a klorini, mankhwala omwe aja amene Semmelweis anagwiritsa ntchito mu 1847. Tonse tinasamba masiku amenewo chifukwa tinali ndi mantha. Koma tizirombo ta m'mabala ndi ta m'magazi sitidikira mliri. Tiripo chaka chonse, ndipo tipha mwakachetechete.

MBALI YA ODIKIRIRA ODWALA

M'zipatala zathu ntchito yambiri ya pa bedi igwiridwa ndi abale odikirira wodwala. Ndiwo amdyetsa, amsambitsa, amtembenuza, ataya mikodzo yake, nachapa zofunda zake. Chifukwa chake manja a wodikirira ali ngati manja a namwino, ndipo lamulo lao ndi limodzi. Inu amayi ndi abambo amene mukadikirira wodwala, tengani sopo m'katundu wanu pamodzi ndi ufa ndi nkhuni. Sambani musanamdyetse, musanammwetse mankhwala, mutataya zoipa zake, ndiponso mutachokera ku chimbudzi. Musagwire bala, kapena pamene palowa dripi, kapena mchombo wa khanda. Ndipo musapakepo chinthu chiri chonse chimene sanakupatseni a chipatala. Mukathandiza wodwala wa bedi loyandikana, monga mwa chifundo chathu, sambani musanabwerere kwa wanu.

Pa nthawi ya chakudya lekani kusamba nonse m'beseni limodzi, pakuti womaliza asamba m'litsiro la onse. Wina athirire mnzake madzi ndi kapu, beseni lingolandira pansi. Ndipo khanda likabadwa, alendo odzaona mwana asambe asanamnyamule, ngakhale akhale agogo ake kapena amalume ake. Mafumu, mau awa akachokera pakamwa panu pa msonkhano wa mudzi, palibe mlendo adzakhumudwa nao.

KUKUMBUTSA MWAULEMU

Latsala funso limodzi lovuta. Kodi munthu wamba angakumbutse namwino kapena dotolo kuti asambe? Inde angathe, ndipo m'maiko ambiri zipatala zenizeni zipempha odwala kuti adzitero. Koma pali kanenedwe kake. Kumbukirani kuti namwino mmodzi nthawi zina asamala wodi yonse usiku wathunthu, ndipo kuiwala kwake sikuchokera m'nkhanza. Musamchititse manyazi pa anthu. Mungathe kunena motsitsa mau kuti, "Pepani mayi, madzi ndi sopo ndi izi, ndikuthirireni?" kapena, "Adokotala, pepani, bala la mwanayu lindidetsa nkhawa. Kodi mwayeretsa kale m'manja?" Mwina adzakuyankhani kuti wapaka kale mankhwala aja ali m'njira, ndipo mtima wanu udzakhala pansi. Wakutsina khutu ndi mnansi, ndipo wantchito wabwino adziwa zimenezo. Ngati chinthucho chichitika tsiku ndi tsiku, musalimbane naye pa bedi. Kauzeni wamkulu wa wodi kapena a komiti ya chipatala.

Kwa inu anamwino, azamba, madotolo, alangizi a zaumoyo ndi okolopa m'mawodi amene mwina mulikumvera, tidziwa kulemera kwa ntchito yanu, ndipo tikuthokozani. Wamkulu akasamba ang'ono aona nasamba; wamkulu akalumpha, ophunzira onse alumpha naye. Chizolowezi cha wodi chichokera kwa akulu ake, monga cha mudzi chichokera kwa mfumu.

Mafumu, pa msonkhano wanu ulinkudza ikani nkhani iyi pa bwalo. Sankhani anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, akaone madzi ndi sopo pa chipatala chanu sabata ino, nabwere kudzanena zimene apeza. Uzani banja liri lonse lokhala ndi mayi wapakati kuti sopo akhale m'chikwama cha ku chipatala mwezi usanakwane. Ndipo phunzitsani anthu anu nthawi zisanu zija pa zala za dzanja limodzi. Mtengo wa sopo mmodzi sufika pa mtengo wa nsalu ya maliro.